Kusankha dekoda yojambula mapulogalamu ku Johannesburg: mtengo wogulira, ndalama za pamwezi ndi kulimba kwake

Usiku wa pa 25 Januwale 2022, pamene Gabadinho Mhango anamenya mpira ali kutali n'kugoletsa chigoli chimene chinadzidzimutsa Morocco pa mpikisano wa AFCON ku Cameroon, si Mmalawi aliyense wa kuno ku Joni amene anachiona pa nthawi yake. Ena anali pa geti akulondera, ena anali akutsuka mbale m'makhitchini a malesitilanti ku Rosebank ndi ku Sandton, ndipo anangochionera pa foni m'mawa mwake anzawo atatopa kale kuchikamba. Ntchito zambiri zimene timagwira kuno sizitsata nthawi ya mapulogalamu a pa kanema, n'chifukwa chake dekoda yojambula imakopa mtima. Imasunga pulogalamu mkati mwake kuti mudzaonere mukaweruka, imatha kuimitsa mpira pakati pamene mwana akulira, komanso imakulolani kubwereza malo amene simunamve bwino.

Makina amenewa amatchedwa DVR, koma m'masitolo a kuno mudzamva kwambiri dzina loti PVR. Anayamba kugulitsidwa ku America mu 1999 ndi makampani a TiVo ndi ReplayTV, ndipo zambiri zimene mungawerenge pa intaneti zimayerekeza makina a kumeneko, omwe sakugwirizana ndi makampani a kanema a kuno. Ku South Africa, kampani ya MultiChoice, yomwe likulu lake lili ku Randburg, inabweretsa PVR yoyamba ya DStv mu 2005, ndipo ina yotchedwa Explora inatuluka mu 2013. Malangizo otsatirawa atsamira pa mfundo imodzi, yakuti mtengo wolembedwa pa katoni ndi gawo laling'ono la ndalama zimene makinawa adzakudyereni, choncho kuyerekeza koyenera kumachitikira pa pepala kunyumba, osati pa shelefu ya m'sitolo.

Choyamba: lembani zimene mumaphonya

Kwa sabata imodzi, lembani pulogalamu iliyonse imene munafuna kuonera koma inakudutsani, pamodzi ndi tchanelo chake. Pakutha pa sabatayo onani mndandandawo mosadzinamiza. Ngati zambiri ndi masewero a madzulo a pa SABC kapena e.tv, mwina simukufunika makina odula, chifukwa matchanelo amenewa ndi aulere ndipo ena mwa mapulogalamu awo amapezekanso pa intaneti kudzera pa SABC+ ndi eVOD. Ngati ndi mpira wa pa SuperSport, nkhani yasintha, pakuti kumeneko kulibe njira yovomerezeka yopanda kulipira mwezi ndi mwezi. Muonenso ngati mumaonera nokha kapena ndi banja, chifukwa ubwino waukulu wa Explora ndi woti mungajambule tchanelo china uku ana akuonera china.

Chachiwiri: onani nyumba imene mukukhala

Anthu ambiri amadumpha sitepe iyi, kenako amabwerera ku sitolo ndi katoni yotsegula kale. Dekoda ya setilaiti imafuna dishi, ndipo dishiyo iyenera kuloza setilaiti ya Intelsat 20, yomwe kuchokera ku Johannesburg ili chakum'mawa mopendekera kumpoto. Ngati mukukhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya bwana, kumene khoma lalitali kapena mtengo wa jakaranda watchinga mbali imeneyo, muyenera kudziwa kumene dishi idzakhale komanso kutalika kwa chingwe musanagule chilichonse. Pemphani chilolezo kwa mwini nyumba, ndipo mugwirizane ngati mudzaloledwe kuchotsa dishiyo posamuka.

M'mafulati a ku Hillbrow, Berea, Yeoville kapena Rosettenville vuto limakhala lina. Nyumba zambiri zosanja zili ndi dishi imodzi ya anthu onse, ndipo komiti yoyang'anira nyumbayo siloleza aliyense kukhoma yake. Funsani woyang'anira nyumba ngati mawaya a m'nyumbamo amagwira ntchito ndi Explora, chifukwa dekoda yojambula imalandira matchanelo angapo nthawi imodzi, pamene mawaya ena akale anaikidwa kuti azitumikira dekoda wamba yokha. Pa nyumba yoima payokha, Explora imafuna dishi ya masentimita 80 ndi kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kotchedwa Smart LNB. Dishi yaing'ono imene munaipeza pa khoma polowa m'nyumbamo ikhoza kuonetsa zithunzi kunja kukacha bwino, koma mitambo ikangosonkhana imayamba kudukiza, ndipo zojambula zanu zidzakhala zodukaduka chimodzimodzi.

Ngati mumasamuka kawirikawiri, monga amachitira ambiri amene akufunabe ntchito yokhazikika, kumbukirani kuti kusamuka kulikonse kumafuna kulipiranso munthu woika dishi.

Chachitatu: dziwani mitundu imene ilipo

Mtundu woyamba ndi dekoda yolipira pamwezi yokhala ndi hard drive (chipangizo chosungiramo zojambula) mkati, ndipo kuno imeneyi ndi DStv Explora. Yakhala ikutuluka m'mibadwo ingapo, ndipo Explora Ultra ya mu 2020 inabwera ndi Wi-Fi yake komanso mapulogalamu a pa intaneti monga Netflix. Mitundu yatsopanoyi imasunga pafupifupi maola 110 a zojambula. Ilinso ndi Catch Up, kumene mapulogalamu ena osankhidwa amalowa okha mu dekoda kudzera pa dishi ngakhale mulibe intaneti, ndipo ichi n'chothandiza kwa munthu amene amagula data ya pa foni pang'onopang'ono.

Mtundu wachiwiri ndi dekoda yogula kamodzi popanda ndalama ya pamwezi. Yodziwika ndi Openview ya kampani ya eMedia, yomwe inayamba mu 2013 ndipo imaonetsa matchanelo a e.tv, a SABC ndi ena. Palinso timabokosi tolandira kanema wa digito kudzera pa mlongoti wamba. Makina a gulu ili nthawi zambiri alibe hard drive mkati, ndipo amene amajambula amatero pa kachipangizo ka USB kamene mumagula padera. Musaganize kuti dekoda iliyonse yokhala ndi pobayira USB imajambula. Werengani pa katoni, ndipo wogulitsa akuuzeni mtundu weniweni wa USB umene dekodayo imalandira.

Mtundu wachitatu si makina ojambula kwenikweni, koma umagwira ntchito yofanana: kuonera kudzera pa intaneti, monga DStv Stream, kumene pulogalamu yodutsa mumakaipeza yosungidwa kale. Simufunika dishi, choncho kusamuka n'kosavuta, koma zonse zimadalira intaneti yosawerengera data. Kuonera mpira wa maola awiri pa data ya pa foni tsiku ndi tsiku kungakudyereni ndalama zoposa za dekoda.

Pali mtundu wachinayi umene sindikuulangiza, koma ndiyenera kuutchula chifukwa mudzakumana nawo m'misika ya m'tauni ndi m'magulu a WhatsApp: timabokosi tolonjeza matchanelo zikwizikwi pa mtengo wa nkhuku imodzi. Timaonetsa zinthu zakuba, zomwe n'zosemphana ndi malamulo, timazima pa mpira waukulu pamene anthu ambiri alowa nthawi imodzi, ndipo tsiku limene tidzasiye kugwira ntchito nambala ya wogulitsa uja idzakhala itasiya kale kupezeka.

Chachinayi: werengerani miyezi 24, osati tsiku logula

Pano ndi pamene pagona nkhani yonse. Tengani pepala, lembani makina amene mukuwayerekeza pamwamba, ndipo pansi pa lililonse mulembe mizere iyi: mtengo wa dekoda, mtengo wa dishi ndi kuika, ndalama ya phukusi la matchanelo pamwezi, ndalama yowonjezera yotsegulira kujambula, chotetezera magetsi, ndi intaneti ngati ikufunika. Zonse za pamwezi muzichulukitse ndi 24.

Mzere wachinayiwo ndi umene umadabwitsa anthu. Pa DStv, kugula Explora ndi kulipira phukusi sikokwanira kuti mujambule. Pali ndalama ina ya mwezi uliwonse yotchedwa Access Fee, yomwe m'zaka zaposachedwapa yakhala ikupitirira R100, ndipo popanda iyo Explora yanu imangokhala ngati dekoda wamba yodula. Ndalama yomweyi imatsegulanso XtraView, njira yolumikizira madekoda a m'nyumba imodzi pa akaunti imodzi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a dekoda yojambula ndi ndalama imeneyi.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka koma osatalikirana ndi zenizeni, ndipo inu muikepo mitengo ya tsiku limene mukugula. Tinene kuti dekoda yojambula pamodzi ndi dishi ndi kuika zakwana R3,000, phukusi lapakatikati ndi R470 pamwezi, ndipo ndalama yotsegulira kujambula ndi R120. Pamwezi mukulipira R590, zomwe pa miyezi 24 ndi R14,160, ndipo mukaphatikiza R3,000 ija zonse zikukwana R17,160. Onani kuti makina amene munavutika kuwafunira sitolo yotchipa sakufika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zonsezi. Ndalama yotsegulira kujambula payokha yakwana R2,880, pafupifupi mtengo wa dekoda ina.

Tsopano yerekezani ndi dekoda wamba yosajambula pa phukusi lomwelo. Tinene kuti kugula ndi kuika ndi R800, ndipo R470 pa miyezi 24 ndi R11,280, zonse pamodzi R12,080. Kusiyana kwake ndi R5,080, kapena pafupifupi R212 pamwezi. Nambala imeneyi ndiyo mtengo weniweni wa kujambula. Bwererani ku mndandanda wanu wa sitepe yoyamba ndi kudzifunsa ngati mapulogalamu amene munaphonya akuyenera R212 mwezi uliwonse, podziwa kuti ndalama yomweyo ikatumizidwa kumudzi imagula zinthu zooneka. Kwa mlonda wa usiku wokonda mpira, kapena banja limene kanema mmodzi amakanganirana anthu asanu, yankho likhoza kukhala inde popanda manyazi. Kwa munthu amene madzulo ambiri amakhala pakhomo, ndikuona kuti yankho ndi ayi.

Dekoda yopanda ndalama ya pamwezi imapambana mosavuta pa masamu awa, pakuti mukalipira tsiku loyamba mwamaliza. Koma kupambanako kuli ndi phindu pokhapokha ngati ikuonetsa zimene mukufuna. Musagule phukusi potengera dzina lake. Maphukusi a DStv ndi Premium, Compact Plus, Compact, Family, Access ndi EasyView, ndipo kusiyana kwa mitengo yake n'kwakukulu kwambiri, moti mu 2024 Premium inali R929 pamwezi. Tengani mndandanda wa matchanelo a phukusi lililonse, pezani phukusi lotsikitsitsa limene lili ndi matchanelo a pa pepala lanu, ndipo muimire pomwepo. Wogulitsa adzakuonetsani ubwino wa phukusi lapamwamba, ndipo ubwinowo ndi woona, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Zinthu zina ziwiri zoti muwonjezere. Mitengo ya maphukusi yakhala ikukwera pafupifupi chaka chilichonse mu Epulo, choncho onjezani kenakake pa chaka chachiwiri. Komanso dekoda yojambula sizimitsidwa, chifukwa imayenera kudikira nthawi ya pulogalamu, ndipo ngati muli pa mita yolipiriratu zimenezi zimaoneka. Werengani mawati olembedwa pa adaputala yake: makina a mawati 20 oyaka usana ndi usiku amadya mayunitsi pafupifupi 14 pamwezi. Laisensi ya kanema ya SABC, yomwe ndi R265 pachaka, ndi yofanana pa mitundu yonse, choncho sisintha kuyerekezaku, koma masitolo amaifunsa pogula kanema watsopano.

Chachisanu: sankhani pakati pa kugula kamodzi ndi kontirakiti

Mudzaona zotsatsa zopereka dekoda, kuika ndi phukusi pa ndalama imodzi ya pamwezi kwa miyezi 24. Kwa munthu wa malipiro okhazikika amene sakuganiza zosamuka, nthawi zina zimenezi zimatchipa, ndipo mungatsimikize pochulukitsa ndalamayo ndi 24 n'kuyerekeza ndi pepala lanu. Koma kontirakiti imakulandani ufulu waukulu umene wolipira mwezi ndi mwezi ali nawo, wosiya kulipira mwezi umene zinthu zavuta, kapena wa Disembala pamene mwakwera basi pa Park Station kupita kumudzi. Imafunanso akaunti ya ku banki yodulako ndalama, ndipo tsiku lodula likafika mulibe kanthu banki imakulipiritsani chindapusa.

Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limalola kuthetsa kontirakiti yotere popereka chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito, koma kampani ili ndi ufulu wokulipiritsani ndalama yothetsera, ndipo zotsala za dekoda mudzazilipirabe. Ngati ntchito yanu ndi ya maganyu, kapena chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno chikutha miyezi 24 isanakwane, gulani dekoda ndi ndalama zanu kamodzi. Ngati simukufulumira, dikirani kumapeto kwa Novembala pamene masitolo monga Game, Makro ndi Takealot amatsitsa mitengo.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani kulimba kwake potengera Johannesburg

Kulimba kwa dekoda yojambula kumadalira kwambiri chinthu chimodzi, hard drive, chifukwa chimazungulira mkatimo, ndipo chimalemba mosalekeza ngakhale simukujambula, kuti muthe kuimitsa kapena kubweza pulogalamu. Dekoda wamba ilibe chiwalo chimenechi, n'chifukwa chake imakhalitsa popanda vuto. Zizindikiro za hard drive yotopa ndi izi: zojambula zimaima pakati pamene matchanelo akuoneka bwinobwino, dekoda imazima ndi kuyakanso yokha, mndandanda wa zojambula umachedwa kutseguka, kapena mkati mumamveka kugogoda. Zojambulira pa USB zilibe chozungulira, koma timafulashi totchipa sitipirira kulembedwa tsiku ndi tsiku, ndipo timadzaza msanga.

Mdani woyamba wa hard drive kuno ndi magetsi. Amene analipo mu 2023 akukumbukira mmene Eskom inkazimitsira magetsi kwa maola awiri mpaka anayi kangapo pa tsiku, ndipo ngakhale pamene kuzimitsa kwa ndondomeko kwaleka, madera ambiri amakhalabe mumdima chifukwa cha kubedwa kwa mawaya kapena kuwonongeka kwa masiteshoni a magetsi. Magetsi akazima dekoda ili mkati molemba, chojambulacho chimaduka, ndipo zikachitika kawirikawiri hard drive imawonongeka. Akabwera, nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Choncho pa pepala lanu muikepo pulagi yotetezera ku mphamvu yopitirirayo, ndipo ngati kwanu magetsi amazimazima muganizire za UPS yaing'ono, chipangizo cha batire chimene chimapitiriza kupereka magetsi akazima. Simukufunika yoyatsa kanema, koma yongosunga dekoda, pakuti dekoda ikhoza kupitiriza kujambula kanema ali wozima. Popanda UPS, lonjezo loti mudzapeza mpira wanu mukaweruka limadalira mwayi.

Mdani wachiwiri ndi mphezi. Johannesburg ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,750, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya masana imabwera ndi ziphaliwali zoopsa, nthawi zina ndi matalala. Ambiri amazula pulagi ya kukhoma n'kuiwala kuti mphezi imalowanso kudzera pa chingwe chochokera ku dishi. Gulani chotetezera chokhala ndi polowetsa chingwe cha dishi, ndipo mvula ya mabingu ikayamba muli pakhomo, zulani zonse ziwiri. Funsani bwino ngati waranti ikukhudza kupsa ndi mphezi, chifukwa kawirikawiri sikhudza, ndipo apa ndi pamene inshuwalansi ya dekoda, yomwe imalipiridwa pamwezi, imakhala ndi nzeru pa makina odula koma osati pa otchipa.

Mvula yamphamvu imadulanso sigino kwa kanthawi, ndipo pa DStv mudzaona uthenga wa E48-32. Ukatha pamodzi ndi mvula, palibe chodetsa nkhawa. Ukapitirira kunja kutacha, ndiye kuti mphepo yasuntha dishi kapena madzi alowa polumikizira chingwe, ndipo vutolo si la dekoda. Uthenga wa E16 umakhudza akaunti ndi malipiro. Kudziwa kusiyana kumeneku kudzakupulumutsani ku ulendo wopanda pake wonyamula dekoda yabwinobwino kupita nayo kokonzetsa.

Mdani wachitatu timamuitana tokha, ndiye kutentha. Tili ndi chizolowezi choyala kansalu kokongola pamwamba pa chipangizo chilichonse cha pabalaza, ndipo pa dekoda yojambula kansaluko kamatseka mabowo otulutsira mpweya. Musaiike m'kabati yotseka kapena pansi pa makina ena, musaisunthe ili yoyaka, ndipo ngati mumaphikira m'chipinda chomwecho iikeni kutali ndi nthunzi ya mafuta.

Pali kulimba kwa mtundu wina kumene sikuoneka pa makina. Zimene mwajambula pa dekoda yolipira si zanu monga mmene kaseti ya kale inalili yanu. Zimasungidwa mokhoma, simungazikopere pa kompyuta, mukasiya kulipira simungazionere, ndipo dekoda ikawonongeka n'kukupatsani ina, zonse zimapita ndi yakaleyo. Dekodayo imagwiranso ntchito ndi kampani imodzi yokha. Mu Okutobala 2024 bungwe la ICASA, loyang'anira zoulutsa mawu m'dziko muno, linaimitsa ntchito za StarSat, kampani ina ya kanema wa setilaiti, chifukwa laisensi yake inali itatha, ndipo makasitomala anatsala ndi madekoda amoyo koma opanda choonetsa. Choncho posankha muganizirenso za kampani imene ili kumbuyo kwa makinawo, ndipo musalipiriretu miyezi yambiri popanda chifukwa.

Chachisanu ndi chiwiri: ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito

Ma Explora akale amapezeka motchipa pa Facebook Marketplace, m'masitolo a pinyolo, kapena kwa mnansi amene akubwerera kumudzi. Palibe cholakwika kugula kotero, koma musapereke ndalama musanachite zinthu zitatu. Ioneni ikugwira ntchito italumikizidwa ku dishi, mujambule kwa mphindi zingapo, muonere chimene mwajambulacho, ndipo muike khutu pafupi kuti mumve mmene hard drive ikulirira. Kenako tengani nambala ya dekoda ndi ya khadi lake, ndipo wogulitsa ali pomwepo mufunse ku kampani ngati dekodayo yachotsedwa pa akaunti yake, ilibe ngongole, komanso sili pa kontirakiti imene sinathe. Dekoda imene idakali m'dzina la munthu wina simungailembetse m'dzina lanu mpaka mwini wakeyo avomereze, ndipo akakwera basi ya ku Lilongwe mudzamusowa. Pomaliza onani ngati rimoti ndi adaputala zake zenizeni zilipo, chifukwa kugula zimenezi padera kumadya phindu lonse la kutchipa kuja.

Dziwaninso kuti kugulitsana pakati pa anthu wamba kawirikawiri kumakhala kwa voetstoots, monga amanenera kuno, kutanthauza kuti mwagula mmene chilili. Hard drive imene yazungulira zaka zisanu kapena kuposa yatha kale gawo lalikulu la moyo wake, choncho mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezo. Safunsa anadya phula.

Chachisanu ndi chitatu: tsiku logula ndi sabata yoyamba

Tengani pasipoti kapena chiphaso chanu, chifukwa akaunti imalembetsedwa m'dzina la munthu, ndipo ilembetseni m'dzina lanu, osati la bwana kapena la mnzanu wogona naye chipinda, kuti mukadzasiyana pasadzakhale mkangano. Funsani ngati mtengo ukuphatikiza kuika, pakuti dekoda yomweyo imagulitsidwa pa mitengo iwiri, wina wa dekoda yokha ndi wina wokhala ndi vocha ya woika dishi, ndipo vochayo imakhala ndi malire a kutalika kwa chingwe. Gwiritsani ntchito woika dishi wovomerezeka ndi kampani, mugwirizane mtengo wa zowonjezera asanakwere pa denga, ndipo asanachoke akuonetseni mphamvu ya sigino pa kanema, ajambule tchanelo china mukuonera china, kuti mutsimikize kuti zonse zalumikizidwa bwino.

Lisiti ijambuleni pa foni tsiku lomwelo, chifukwa inki ya malisiti a m'masitolo imafufutika pakangopita miyezi yochepa. Dekoda yatsopano ya DStv imakhala ndi waranti ya miyezi 12. Kuwonjezera apo, ndime 56 ya Consumer Protection Act imanena kuti katundu wogulidwa kwa wamalonda akapezeka ndi vuto m'miyezi 6 yoyambirira, wogula ndiye amasankha pakati pa kukonzeredwa, kupatsidwa wina kapena kubwezeredwa ndalama. Ufulu umenewu ndi wa wogula aliyense, ndi mlendo yemwe, ndipo sitolo ikakana mungadandaule ku ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud kapena ku National Consumer Commission popanda kulipira.

Sabata yoyamba igwiritseni ntchito mwamphamvu makinawo, kuti ngati ali ndi vuto lionekere msanga. Konzani kuti ajambule usiku muli ku ntchito, ajambule sewero la tsiku ndi tsiku lokha popanda kuwakumbutsa, ndipo muonere chojambula chilichonse mpaka kumapeto. Pa mpira wa chikho onjezani mphindi zosachepera 45 kumapeto kwa nthawi yojambula, chifukwa dekoda imatsata ndandanda yolembedwa ndipo sidziwa kuti masewero apita ku nthawi yowonjezera ndi mapenate. Muzoloweretu kufufuta zimene mwaonera, pakuti maola 110 amaoneka ambiri mpaka ana ataphunzira kugwiritsa ntchito batani lojambulira.

Chachisanu ndi chinayi: musanaitumize kapena kupita nayo ku Malawi

Ambiri mwa ife tikagula katundu kuno timakhala ndi maganizo oti tsiku lina adzakwera thiraki kupita kumudzi, ndipo pa firiji kapena kanema maganizo amenewa ndi abwino. Pa dekoda samalani. Akaunti ya DStv ya ku South Africa ndi yosiyana ndi ya ku Malawi, yomwe ili ndi maphukusi ake, mitengo yake ya makwacha ndi matchanelo ake, kuphatikizapo a kwathu monga MBC. Malamulo a mayiko awiriwa ndi osiyananso, monga tinaonera mu Ogasiti 2023 pamene MultiChoice inalengeza zoimitsa DStv ku Malawi pa mkangano wa mitengo ndi bungwe la MACRA, nkhani imene inatha kumapeto kwa chaka chomwecho pamene makasitomala a kuno sanakhudzidwe n'komwe. Openview nayo inapangidwira msika wa ku South Africa.

Choncho musanalipire wonyamula katundu, wachibale wanu apite ku ofesi ya MultiChoice ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu ndi nambala ya dekodayo, akafunse ngati ingalembetsedwe kumeneko. Akakana, igulitseni konkuno mutaichotsa pa akaunti yanu ndi kulipira zotsala zonse, mufufute zojambula zanu, ndipo ndalamayo mukagulire ina kumudzi, kumene waranti yake idzakhale yogwira ntchito.